Botolo limene ndinalawira Efraín

Akuluakulu amene mwakhala kutsogoloku, amayi, abambo, ndi inu achinyamata amene mwadzikundika pafupi ndi khomo kuti muthawe msanga, ndakuonani nonse. Mundilole ndiyankhule ndili chiimire, chifukwa ndikakhala pansi mtima undibweza. Ambiri mumandidziwa kuti ndine bambo ake a Tadala, uja amapinda mipando tikamaliza mapemphero muno m'besimenti, m'chipinda chapansi chino. Ena munandidziwa kale kuposa apo, nthawi ija munkati mukandiona ndikutulukira pa phwando munkakankhira mabotolo pansi pa tebulo ndi phazi. Musachite manyazi, ndinkaona, ndipo munkachita bwino.

Uchidakwa wanga sunagwetse ine ndekha. Unagwetsanso munthu wina amene anali atadzuka kale, ndipo iyeyo anataya chinthu chimene sindingathe kumubwezera. Wandilola kuti ndimutchule dzina lake loyamba. Ndi Efraín, wa ku El Salvador.

Kwathu ndi ku Dedza. Ndisanabwere kuno ndinkagwira ntchito m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo kumeneko ndinatola Chipwitikizi. Nditafika ku Toronto, mapepala anga a sukulu anangokhala okongoletsa sutikesi, monga zinachitikira ambiri a inu. Ndinayamba kutsuka mbale m'lesitilanti ina, pakati pa anyamata a ku El Salvador ndi a ku Guatemala, ndipo Chisipanishi chawo chinandilowa mosavuta chifukwa n'chachibale ndi Chipwitikizi. Chilankhulo chimenecho ndi chimene chinandipezera ntchito ya mu ofesi, pa kafukufuku wina wa anthu a payunivesite kuno ku North York.

Kafukufukuyo ankatsata abambo olankhula Chisipanishi amene ankavutika ndi mowa komanso maganizo. Pakapita miyezi ingapo, munthu aliyense ankayenera kubwera kudzayankha mafunso omwe aja: mukugona bwanji, mukumwa bwanji, mukamamwa mumakhala ndi ndani. Kafukufuku wotere amafa anthu akasiya kubwera, ndipo anthu athuwo ankasowa kwambiri. Lero munthu ali m'fulati ku msewu wa Jane, mwezi wamawa wasamukira kwa msuweni wake ku Brampton, foni yadulidwa. Ena ankaganiza kuti mayankho awo akupita kwa a imigireshoni. Ena anachokera kumene dzina lako likalembedwa ndi munthu wa boma, asilikali ankabwera. Enanso ankangoti, "Ine si wamisala, mundifunsiranji za maganizo?" Ntchito yanga inali kuwasaka, kuwanyengerera kuti abwerenso, ndi kumasulira mayankho awo.

Ine ndinapeza njira yachidule. Panali bala ina pafupi ndi mafulati ena aatali, kumene ambiri ankafikira akaweruka. Ndinkapita kumeneko n'kugula mowa. Kenako ndinawaphunzitsa mwambo wa kwathu umene nonse mukuudziwa, woti wopereka mowa amayamba walawa yekha pamaso pa onse kuti achotse ufiti, asonyeze kuti mulibe chiphe. Anaukonda koopsa. Munthu amene anakulira m'nkhondo, woti sakhulupirira ngakhale mnansi wake, ukamulawira botolo n'kumupatsa, nkhope imamasuka. Ankaseka n'kumandiuza, "Chotsani ufiti, achimwene!" Liwu lakuti achimwene ndinawaphunzitsanso ndine, ndipo ankalitchula mokhotakhota.

Anthu anga ankabwera ku mafunso kuposa a anzanga onse. Abwana athu, mayi wachizungu wofatsa amene ankatsogolera kafukufukuyo, ankanditamanda pamisonkhano kuti ndili ndi mphatso yomvana ndi anthu. Sankadziwa kuti mphatsoyo imagulitsidwa m'mabotolo. Ine ndinali womwa kale kuchokera kumudzi, koma tsopano kumwa kunali ndi dzina labwino, kunali ntchito. Ndinayamba kumwa dzuwa lili pamutu. Ndinkatafuna chingamu m'basi kuti fungo lisamveke. Ndinaphonya ubatizo wa mwana wanga wachiwiri ndili ku bala, n'kuwauza amayi a Tadala kuti ndinali kufolowa munthu wa kafukufuku. Iwo anasiya kundifunsa, anayamba kugona m'chipinda cha ana.

Efraín anali mmodzi wa anthu anga. Ankapaka pulasitala m'maofesi atsopano amene ankamangidwa ku Markham, bambo wamfupi, wamanja okhakhala, woseka pang'ono. Iyeyu anachita chimene ambiri sankatha: anasiya mowa. Mkazi wake Marisol anali atamuuza kuti akadzangolawanso, chikwama chake adzachipeza panja. Ndipo panali chifukwa china chachikulu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Yesenia, anali kuyandikira zaka khumi ndi zisanu. Kwa anzathuwa msinkhu umenewo ndi nkhani yaikulu, ngati chinamwali kwathu, koma iwo amachitira kutchalitchi ndi muholo. Mtsikana amavala diresi lalitali, ndipo gule woyamba amavina ndi bambo ake, anthu onse ataima mozungulira kuonerera. Marisol anati guleyo adzavina Efraín pokhapokha ngati afika tsikulo asanamwe. Akalephera, adzavina mlongo wake wa Marisol, malume a mwanayo.

Munthuyo ankaphunzira kuvina, abale. Tsiku lina mu ofesi mwathu, titamaliza mafunso, anaimirira n'kundionetsa masitepe ake ali ndi nsapato zake za ku ntchito, akuwerenga chamumtima, pulasitala akugwera pakapeti. Ndinaseka mpaka misozi. Iye sanaseke, anangoti, "Phazi lamanzereli ndi limene likundivuta."

Kenako anasiya kubwera. Ndikaimba foni, Marisol ankati kulibe. Lero ndikudziwa kuti sankathawa kafukufuku, ankathawa ine, chifukwa ankadziwa kumene kucheza ndi ine kumathera. Mwinanso nthawi yomweyo ndinkadziwa, koma sindinkafuna kudziwa. Abwana anandiitana n'kunena kuti, "Efraín ndi wofunika kwambiri. Anthu amene asiya mowa ndi ochepa, tikufuna timve mmene akuchitira. Ngati pali amene angamubweze, ndinu." Ndinatuluka mu ofesimo chifuwa chili patsogolo.

Ndinapita kwawo Loweruka masana, nthawi imene ndinkadziwa kuti Marisol ali ku ntchito yake yokolopa. Ndinali nditatenthetsa kale m'mimba ndi mowa. Inu mukudziwa kuti kwathu munthu sapita kwa mnzake chimanjamanja, ndiye ndinanyamula kajumbo. Ndikanatha kugula buledi kapena malalanje. M'kajumbomo munali mabotolo.

Efraín anandilandira bwino, anandipangira khofi. Anavomera kuti adzabwera ku mafunso, anavomera ndisanatsegule n'komwe kajumboko. Mumvetse bwino pamenepa, ntchito imene ndinapitira inali itatha. Ndikanatha kuimirira n'kutsanzika. Koma pakhosi panga panali pouma, ndipo chidakwa sichipirira kumwa chokha pamaso pa munthu amene wasiya. Zimakhala ngati akukuweruza ngakhale ali chete. Ndinatsegula botolo, ndinalawa, ndinamutambasulira.

"Ayi, achimwene," iye anatero. "Mukudziwa nkhani yanga."

"Ndachotsa kale ufiti," ndinatero ine. "Kwathu munthu akakulawira iwe n'kukana, ndiye kuti wamutcha mfiti. Mukunditcha mfiti m'nyumba mwanu momwe, Efraín? Ine amene ndakwera mabasi kudzakuonani?"

Limenelo linali bodza, ndipo akuluakulu muli panowa mukudziwa. Kwathu munthu wosamwa amalandira chikho ndi manja awiri, kuthokoza, n'kupatsira mnzake. Palibe amene amakwiya. Mwambowo ndinaukhotetsa dala chifukwa ndinkadziwa kuti Efraín ndi munthu waulemu, sangalole mlendo achoke atanyozeka. Anayang'ana botolo lija nthawi yaitali. Kenako analitenga, n'kunena kuti, "Kamodzi kokha, chifukwa ndinu." Pamene ndinkachoka, m'kajumbo munalibe kanthu, ndipo iye ankafufuza jekete yake kuti andiperekeze mpaka ku bala.

Tsiku la mafunso litafika, abwana anati akhala nawo. Ankachita zimenezo nthawi zina, kuti aone mmene tikufunsira. Tinakhala atatu m'kachipinda kakang'ono, kaseti ikuzungulira patebulo. Efraín analowa atavala malaya amene ankaoneka kuti wagona nawo, ndevu zosameta. Sanandiyang'ane.

Ndinayamba kufunsa m'Chisipanishi, iye akuyankha, ine ndikumasulira m'Chingelezi.

"Panopa mukukhala kuti?"

"M'kachipinda ka lendi. Mkazi wanga anaika chikwama changa pakhonde."

Ndinamasulira.

"Kuchokera pamene tinaonana komaliza, mwamwapo mowa?"

"Inde. Tsiku lililonse."

Ndinamasulira. Funso lotsatira ndinkalidziwa pamtima, ndinali nditalifunsa kwa anthu ambirimbiri. Abwana anandiyang'ana, akudikira. Ndinafunsa.

"Tsiku limene munayambiranso, munali ndi ndani?"

Apo m'pamene Efraín anadzutsa mutu. Anandiyang'ana ine, anayang'ana abwana, anayang'ana kaseti ija. Ndinali nditayamba kale kukonza m'mutu mmene ndingamasulire mokhotetsa akanditchula, chifukwa abwana Chisipanishi ankangomva pang'ono. Taonani mtima wa munthu. Mnzanga wataya nyumba, ine ndikukonza bodza lina.

Iye anati, "Ndinali ndekha."

Abale anga, mawu amenewo anayenera kutuluka kachiwiri, ndipo anatulukira pakamwa panga. Ndinatembenukira kwa abwana n'kunena m'Chingelezi kuti akuti anali yekha. Abwana anagwedeza mutu mwachifundo. Titamaliza anandigwira paphewa n'kunena kuti ndachita zazikulu kubweza munthu amene wagwa, chifukwa ambiri akagwa amachita manyazi, sabweranso.

Efraín ndinamupeza pa siteji ya basi panja, ataweramira mphepo. Kunali kozizira kuja kumene kumaluma makutu. Ndinaima pambali pake, osadziwa poyambira. Pomaliza ndinangoti, "Bwanji simunanditchule?"

Anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete, n'kunena kuti, "Muli ndi ana awiri, achimwene. Mmodzi wa ife akhale ndi nyumba."

Basi inabwera, anakwera. Ine ndinatsala pamenepo.

Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambira tsiku limenelo sindinalawenso. Likanakhala bodza, ndipo mabodza ndanena okwanira. Ndinamwa kuposa kale, kwa milungu ingapo, kuti mawu aja asiye kumveka m'mutu. Sanasiye. Ndikanyamula botolo ndinkamva ndekha ndikumasulira kuti akuti anali yekha. Tsiku lina m'mawa ndinasanza m'sinki ana akudya phala asanapite ku sukulu, ndipo Tadala anafunsa amayi ake m'Chingelezi ngati adadi amwalira posachedwa. Ana atatuluka ndinakhala pansi m'khitchini momwemo n'kuwauza amayi a Tadala zonse, za ku bala, za kajumbo, za Efraín.

Iwo sanalire. Anati, "Ine zanu ndinatopa nazo kale. Koma za mwana wa eni akeyo, mupite mukanene kwa abwana anu lero lomwe. Mukapanda kupita, ndipita ndine."

Ndinapita. Abwana anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope ikusintha. Chimene chinawapweteka kwambiri si bodza la tsiku limodzi lija. Anati, "Anthu awa anabwera kwa ife chifukwa mowa ukuwapha, ndipo ife tinkawagulira mowa kudzera mwa inu." Ntchito inathera pomwepo, ndipo sindinatsutse. Ndinamva kuti mayankho a anthu anga ambiri anayenera kuunikidwanso, ntchito ya anzanga osalakwa inabwerera m'mbuyo chifukwa cha ine.

Tsopano ndinene mmene ndinadzukira, chifukwa mwina pali wina muno amene wabwera ndi chingamu m'kamwa. Choyamba, sindinadzuke ndekha. A Phiri awa a ku Katete akhala apawa, amene anasiya mowa kalekale, anabwera kunyumba atatumidwa ndi amayi a Tadala. Sanandilalikire. Anangoti, "Valani nsapato, bambo, tiyeni." Ananditengera ku gulu la anthu osiya mowa limene limakumana m'holo ya tchalitchi china, ndipo ankabwera kudzanditenga pa galimoto yawo mpaka miyendo yanga inazolowera njira. Anandipezeranso ntchito yonyamula makatoni m'weyahausi, nyumba yosungiramo katundu, ku Brampton. Munthu wa tayi ndinavala magolovesi, ndipo zinandichitira ubwino, chifukwa pofika kunyumba ndinkakhala nditatheratu. Ndinasintha basi imene ndinkakwera kuti ndisadutse pa bala paja. Kumaphwando a kwathu ndinasiya kaye kupita, ndipo ena a inu munati ndayamba kunyada. Sikunali kunyada, anali mantha.

Pa ntchito yanga yakale analemba mayi wina wa ku Guatemala. Ndinapempha abwana kuti andilole ndikumane naye kamodzi, ndimuuze zimene ndinkadziwa zopanda mowa, chifukwa zinalipo. Ndinamuuza kuti asamangodalira foni ya munthu, adziwenso azakhali ake kapena mnzake wa kutchalitchi amene sasamukasamuka. Azinena nthawi iliyonse, osatopa, kuti mayankho sapita kwa a imigireshoni. Azipita ku bwalo la mpira Lamlungu masana, kumene abambo amabwera ndi mabanja awo ali bwinobwino. Azikumbukira maina a ana awo. Asamaitane munthu pa nthawi ya shifiti yake n'kumadabwa kuti sanabwere. Ndinamva kuti anthu ankabwerabe kwa mayiyo, ndi Efraín yemwe, ndipo palibe amene anagulidwa ndi botolo. Njira yanga yachidule ija sinali yofunika n'komwe, ndinkangoifuna ineyo.

Chovuta kwambiri chinali kupita kwa Marisol. Ndinapita ndi amayi a Tadala, chifukwa ndekha sakananditsegulira. Tinaima pakhomo, sanatilowetse. Ndinamuuza kuti botolo loyamba ndinabweretsa ndine, kuti mwamuna wake anakana, ine n'kumukakamiza ndi mwambo wabodza. Ndinapempha kuti mlanduwo ukhale pa ine, amulole Efraín adzavine ndi mwana wake. Nthawi imeneyo Efraín anali atayambanso kuyesa kusiya, tinkapita limodzi ku gulu lija pa galimoto ya a Phiri.

Marisol anandimvetsera manja ali m'chiuno. Kenako anati, "Inu munamuika botolo m'manja, iye analiika pakamwa. Ine ndapirira zaka zambiri, bambo. Mwana wanga ndinamulonjeza kuti tsiku lake sipadzakhala kudikira kuti tione ngati bambo ake afika akuyenda mowongoka. Zimenezo sindisintha chifukwa inu mwayamba kumva chisoni." Anatseka chitseko mwaulemu, sanachimenyetse. Amayi a Tadala ali m'chikepe anandiuza kuti akanakhala iwo akanayankha chimodzimodzi.

Ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi, inu a kwathu, a ku Malawi ndi a ku Zambia omwe. Pa maphwando athu timakonda kukankhira munthu botolo. Timati kamodzi kokha, timati mwalowa mpingo wanji, timati mukutinyoza. Timaseka, timati n'chikondi. Simudziwa chimene munthuyo walonjeza kunyumba kwake, ndiponso amene akudikira kuti aone ngati asunga lonjezolo. Munthu akati ayi, mupatseni fanta, nkhani ithe. Ndipo iwe amene ukukankha botolowe, dzifunse ngati ukufunira mnzakoyo kapena ukungoopa kumwa wekha. Ngati yankho likukuchititsa manyazi, a Phiri ali pano, inenso ndili pano, galimoto ili panja.

Ine nyumba yanga inatsala. Amayi a Tadala anabwerera kuchipinda patapita nthawi, ana anga amandithamangira ndikamalowa. Chilichonse chimene ndili nacho lero ndimachiona ndi diso la munthu amene anapulumuka pa ngozi imene anaichititsa yekha.

Phwando la Yesenia linachitika. Marisol anamulola Efraín kufika ku Misa yokha, iye anakhala kumbuyo, ndipo kuholo sanapite. Anali asanamwe kwa miyezi, koma mawu a Marisol anali mawu. Patapita milungu ingapo, Lamlungu lina masana, anagogoda kwathu atanyamula kaseti ya vidiyo m'thumba la jekete. Mwana wake anali atamupatsa mobisa, koma m'kachipinda kake ka lendi munalibe choonetsera. Anati, "Achimwene, mungandibwereke wailesi yanu ya kanema pang'ono?"

Amayi a Tadala anatulutsa ana, anapita nawo ku paki. Tinakhala awiri pa sofa. Tinaona mtsikana atavala diresi lapinki, wamtali kuposa amayi ake, akulowa muholo anthu akuwomba m'manja. Nyimbo inayamba. Malume ake anatuluka pagulu, bambo wonenepa wa suti yothina, n'kumugwira dzanja. Ankavina moipa, abale, ankaponda diresi, mtsikanayo akuseka n'kumamuwongolera. Ine maso ndinawaika pakapeti, sindinathe kuyang'ana. Efraín anawerama, zigongono pa mawondo, osaphethira, mpaka nyimbo inatha ndipo anthu a m'kanemamo anayamba kukuwa.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndipepesenso, monga ndinali nditachitira kambirimbiri. Iye anandigwira bondo osandiyang'ana.

"Bwezani pamene akulowa paja," anatero. "Ndikufuna ndimuonenso."

Ndinagwada patsogolo pa wailesiyo n'kubweza kaseti.